Dokotala ndi wa ndani? Imfa ya Steve Biko, chikhululukiro ndi pempho la Desmond Tutu

M'mawa wa pa 7 September 1977, apolisi a zachitetezo mumzinda wa Port Elizabeth ku South Africa anaitana dokotala wa boma, Ivor Lang, kuti adzaone mkaidi wawo. Anamupeza atagona pansi pa kamphasa, mwendo atamumangirira ndi unyolo kuchitsulo. Mlomo unali wong'ambika, pachifuwa panali chotupa, manja ndi mapazi zinali zotupa. Polankhula mawu ankatuluka mokoka ngati a munthu woledzera, ndipo atamuimiritsa ankayenda dzandidzandi. Mkulu wa apolisiwo, Colonel Pieter Goosen, anapempha kalata ya chipatala. Lang analemba kuti sanapeze vuto lililonse m'thupi mwa mkaidiyo, nasaina.

Mkaidiyo anali Steve Biko, wa zaka 30, mtsogoleri wa gulu lolimbikitsa anthu akuda kudzilemekeza, amenenso pa unyamata wake anaphunzirako zaudokotala pa University of Natal. Anamugwira pa 18 August pa rodibuloko pafupi ndi Grahamstown, namusunga wamaliseche m'chitokosi cha polisi ya Walmer. Pa 6 September anamutengera kuchipinda nambala 619 m'nyumba ya Sanlam kukamupanikiza ndi mafunso, ndipo kumeneko ndi kumene mutu wake unavulazidwa.

Anthu ambiri amaidziwa nkhaniyi ngati ya nkhanza za apolisi, ndipo ndi momwemodi. Koma m'masukulu ophunzitsa zaudokotala amaiphunzira chifukwa cha masiku asanu amene anatsatira, pamene Biko anali m'manja mwa anthu ovala zoyera.

Pa 8 September Lang anabwera ndi bwana wake, Benjamin Tucker. Kenako anaitana katswiri wina, Colin Hersch. Pali kuyeza kwina kosavuta kumene madokotala amachita akamakayikira ubongo: amakanda kunsi kwa phazi ndi kanthu kosongoka pang'ono. Mwa munthu wamkulu wabwinobwino, zala zimapindikira pansi. Chala chachikulu chikadzukira m'mwamba, ndiye kuti ku ubongo kapena ku mitsempha ya mumsana kwalakwika. Chala cha Biko chinadzukira m'mwamba. Anamupopa madzi a mumsana, amene amayenera kukhala oyera mbee, ndipo munapezeka magazi. Apolisi ankangobwereza nyimbo imodzi, yakuti akunamizira kudwala. Munthu anganamizire kubuula, koma magazi m'madzi a mumsana angawanamizire bwanji? Ngakhale zinali choncho, Lang analemba m'faelo kuti palibe matenda amene apezeka, ndipo pa 11 September analola kuti wodwalayo achoke m'chipatala cha ndende abwerere kuchitokosi.

Madzulo a tsiku lomwelo anamupeza atagwa, maso ali tong'oo, thovu lili kukamwa. Tucker anati apite kuchipatala cha mumzindamo. Goosen anakana, ati chifukwa cha chitetezo. Tucker sanalimbane naye. Anavomera kuti wodwala wokomoka anyamulidwe kumbuyo kwa Land Rover, wamaliseche, wopanda nesi, wopanda ngakhale kapepala kofotokoza matenda ake, ulendo wa makilomita oposa 1,000 kupita ku Pretoria. Anayenda usiku wonse. Dokotala amene anamulandira kundende ya ku Pretoria, posadziwa chilichonse cha mbiri yake, anangomuika diripu ndi kumubaya jakisoni wa mavitamini. Biko anamwalira pa 12 September ali pansi m'chipinda cha ndende. Nduna ya zachilungamo, Jimmy Kruger, inayamba yanena kuti wafa chifukwa chonyanyala chakudya, ndipo inauza msonkhano wa chipani chake kuti imfayo siikuikhudza mpang'ono pomwe.

Pa bwalo lofufuza za imfayi mu November 1977, loya wa banja, Sydney Kentridge, anawafinya madokotalawo ndi mafunso. Mmodzi wa iwo anavomera kuti malinga ndi lumbiro la udokotala wodwala ndiye amayenera kukhala patsogolo, navomeranso kuti pa nkhani iyi zofuna za achitetezo ndi zimene zinakhala patsogolo. Majisitireti anagamula kuti palibe amene ali ndi mlandu pa imfayo, koma anatumiza umboni wokhudza madokotala ku bungwe lowayang'anira, South African Medical and Dental Council. Bungweli linakhalira mafaelo mpaka 1980, kenako linanena kuti silikuonapo cholakwa choti n'kuzengera munthu mlandu. Bungwe la madokotala eni ake, Medical Association of South Africa, linagwirizana nazo.

Zikanathera pomwepo pakanapanda madokotala ochepa amene anakana kumeza malovu. Frances Ames, Phillip Tobias, Trefor Jenkins, Yusuf Veriava ndi anzawo anatengera bungwe lowayang'anira lija kukhoti. Mu 1985 khoti linalamula kuti mlandu uzengedwe. Tucker anapezeka wolakwa ndipo anafufutidwa m'kaundula wa madokotala. Lang anangodzudzulidwa ndi kuchenjezedwa, napitiriza ntchito. Panali patadutsa zaka zisanu ndi zitatu.

Ambuye awiri

Lang ndi Tucker sanamumenye Biko. Palibe umboni wakuti anakweza dzanja. N'chifukwa chake nkhani yawo imaphunzitsa zambiri kuposa ya madokotala a Nazi ku Germany, amene ankayesera mankhwala ndi mipeni pa akaidi. Mlandu wa madokotala a Nazi ku Nuremberg unabala lamulo la 1947 lakuti munthu asachitidwe kafukufuku wa zachipatala popanda iye mwini kuvomera mwaufulu. Aliyense akamva za anthu amenewo amati, ine sindingachite zimenezo. Koma za Lang ndi Tucker n'zovuta kudzitalikitsa nazo, chifukwa chimene anachita ndi chimene wogwira ntchito m'boma aliyense amachidziwa: bwana wanena, ine ndine ndani?

Dokotala wa ndende, wa asilikali, wa pamgodi kapena wa kampani ya inshulansi amakhala ndi ambuye awiri. Wina amamulipira malipiro, wina wagona pabedi. Masiku ambiri awiriwa sakangana. Tsiku limene akangana ndi limene udokotala umayesedwa. Bungwe la madokotala a padziko lonse, World Medical Association, linali litaneneratu mu 1975 ku Tokyo kuti dokotala asatenge mbali, asalekerere, ndiponso asakhalepo pamene munthu akuzunzidwa, ndipo kuti pa za chisamaliro cha wodwala wake, mawu omaliza ndi a iyeyo. Mfundo zimenezi zinalembedwa zaka ziwiri Biko asanafe. Choncho sikuti malamulo kunalibe.

Komanso sikuti kukana kunali kosatheka. Mu 1985, mu ofesi yomweyo ya ku Port Elizabeth, pansi pa Ivor Lang yemweyo, munkagwira ntchito dokotala wachitsikana, Wendy Orr, amene anali atangomaliza kumene maphunziro. Tsiku ndi tsiku ankaona akaidi ogwidwa pa nthawi ya lamulo la zadzidzidzi ali ndi mikwingwirima ya zikoti kumsana, maso otupa, makutu ophulika. Ankalemba zonse. Ataona kuti mabwana ake sakuchitapo kanthu, anatengera zolembazo kukhoti lalikulu, ndipo khoti linaletsa apolisi kumenya akaidiwo. Mphoto yake inali kuchotsedwa kuti asamaonenso akaidi a ndale, kusalidwa ndi anzake, mpaka anasiya ntchito. Pa madokotala onse a boma amene ankaona zilonda zomwezo, amene anapita kukhoti anali iye yekha.

Kumapeto ena a nkhaniyi kuli Wouter Basson, katswiri wa matenda a mtima amene ankatsogolera Project Coast, pologalamu yachinsinsi ya asilikali yopanga poizoni ndi zida za tizilombo. Iyeyu sanapemphe chikhululukiro kwa aliyense. Khoti linamumasula pa milandu yonse mu 2002. Bungwe loyang'anira azaumoyo linamupeza wolakwa pa khalidwe mu 2013, koma chigamulocho chinadzagwa kukhoti pa chifukwa chakuti ena mwa oweruza anali atasonyeza kale mbali imene ali. Anapitiriza kuona odwala mtima ku Cape Town.

Wokhululuka ndani?

Mu 1991 Benjamin Tucker analemba kalata yopepesa. Anavomera kuti pang'onopang'ono anataya kulimba mtima kumene dokotala amayenera kukhala nako, kuti anazolowerana kwambiri ndi apolisi mpaka kuyamba kuona zinthu ndi maso awo. Bungwe linamubwezera chiphaso chake. Mawu akewo ndi oona, ndipo ndi osowa, pakuti madokotala ochepa kwambiri a nthawi imeneyo analankhula motero. Koma tiyenera kuona kuti kalatayo inapita ku bungwe limene linali ndi mphamvu yomubwezera ntchito. Bungwe lingathe kubweza chiphaso. Kukhululukira imfa ya Biko kunalibe mphamvu nako, chifukwa wofedwa silinali ilo.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokoneza zinthu akamakamba za komishoni ya choonadi ndi kuyanjanitsa, Truth and Reconciliation Commission, imene inayamba kumva maumboni mu April 1996 motsogozedwa ndi Akibishopu Desmond Tutu. (Tutu yemweyu ndi amene analalikira pa maliro a Biko ku King William's Town, ndipo Wendy Orr anali mmodzi wa makomishonala.) Komishoni inkapereka chinthu cha lamulo: wolakwa akaulula zonse, nasonyeza kuti anachita pa zifukwa za ndale, boma linkamuchotsera mlandu, moti sakanazengedwanso ngakhale kusumiridwa kuti alipire chipukuta misozi. Lamulo silinkafuna kuti alape. Munthu akanatha kufotokoza mmene anawotchera mtembo wa mnzake, maso ali gwa, n'kutuluka mfulu. Anthu oposa 7,000 anapempha, ndipo 849 ndi amene anapatsidwa.

Kukhululuka kwa mumtima ndi kwina. Tutu ankakulalikira ndi mphamvu zake zonse, ankati dziko lopanda kukhululuka lilibe tsogolo, ndipo kunachitikadi m'njira zodabwitsa. Makolo a Amy Biehl, mtsikana wa ku America amene anaphedwa ku Gugulethu mu 1993, sanatsutse kuti omupha amasulidwe, ndipo awiri mwa anyamatawo anadzagwira ntchito m'bungwe limene makolowo anakhazikitsa. Mwana wamkazi wa Sicelo Mhlauli, mmodzi wa amuna anayi a ku Cradock amene apolisi anawapha mu 1985, anauza komishoni kuti banja lawo likufuna kukhululuka koma silikudziwa woti limukhululukire. Mawu amenewa akusonyeza dongosolo lake: choonadi chiyambe, dzina la wolakwa lidziwike, kenako wolakwiridwa aone chochita.

Banja la Biko linasankha njira ina, ndipo linali ndi ufulu wonse wotero. Mkazi wake, Ntsiki, pamodzi ndi mabanja a Griffiths Mxenge ndi Fabian Ribeiro, anapita ku khoti loona za malamulo oyendetsera dziko mu 1996 kukatsutsa lamulo lonselo. Funso lawo linali lakuti, boma lili ndi mphamvu yanji yotilanda ufulu wosumira amene anapha abale athu? Khoti linavomera kuti n'zowawa, koma linati popanda mgwirizano umenewu dziko latsopano silikanabadwa. Anagonja. Apolisi asanu anadzapempha kuti akhululukidwe pa imfa ya Biko, akumati anangowombetsa mutu kukhoma pa mkangano. Komishoni inawakanira chifukwa sananene zoona zonse. Komabe palibe amene anazengedwa mlandu. Mu 2003 boma linati umboni ndi wosakwanira. Mlandu suwola: mu 2025 boma linatsegulanso kafukufuku wa imfayi, ambiri mwa okhudzidwa atamwalira kale.

Ine ndimaona kuti chofooka chachikulu cha nthawi imeneyo chinali chakuti wokana kukhululuka ankaoneka ngati wobweza dziko m'mbuyo. Mayi wofedwa akaimirira pamaso pa makamera, bishopu ali pomwepo, dziko lonse likumuyang'ana, n'kufunsidwa ngati wakhululuka, ufulu wake wonena kuti ayi umakhala wochepa kwambiri. Ndipo boma litatenga ufulu wawo wosuma, linawapatsa chiyani? Mu 2003 aliyense wozunzidwa amene komishoni inamuzindikira analandira R30,000 kamodzi kokha, ndalama yochepa kuyerekeza ndi imene komishoniyo inapempha. Nalo bungwe la madokotala eni ake lija linapepesa mu 1995, koma mwachisawawa, osatchula kuti uyu anachita chakuti kwa uje. A ku Malawi kupepesa kotereku akukudziwa. Mu January 1996, khoti litamumasula pa mlandu wa anduna ndi phungu amene anaphedwa ku Mwanza mu 1983, Dr Hastings Kamuzu Banda, amenenso anali dokotala, anapepesa mtundu ponena kuti ngati ena anazunzika chifukwa cha anthu ogwiritsa ntchito dzina lake, iye akupepesa. Kupepesa koyamba ndi "ngati" kumamusiya wolakwiridwa ali pomwe anali.

Tutu ndi imfa ya Mandela

Wina angafunse kuti zonsezi zikukhudzana bwanji ndi mmene munthu amatsirizikira. Amene anazilumikiza ndi Tutu mwini.

Nelson Mandela anagonekedwa m'chipatala ku Pretoria pa 8 June 2013, nakhalamo pafupifupi miyezi itatu, kenako anapita naye kunyumba kwake ku Houghton kumene chipinda chinasandutsidwa chipatala. Anamwalira pa 5 December ali ndi zaka 95. Masabata angapo asanagonekedwe, atsogoleri a chipani cha ANC, kuphatikizapo Jacob Zuma, anakamuona ndi makamera a wailesi yakanema. Dziko linaona nkhalamba itakhala pampando, nkhope ili duu, osalankhula, andale akumwetulira pambali pake. Mu July 2014 Tutu analemba m'nyuzipepala ya ku Britain ya The Observer kuti zimene anamuchita Madiba zinali zochititsa manyazi, zonyoza ulemu wake. M'nkhani yomweyo ananena chinthu chimene chinadzidzimutsa mpingo wake wa Anglican: anati akugwirizana ndi lamulo lolola wodwala amene watsala pang'ono kufa kuthandizidwa kuti afe. Mu October 2016, pokwanitsa zaka 85, ali ndi khansa ya prostate imene anakhala nayo kuyambira 1997, analembanso mu The Washington Post kuti iyenso angafune kukhala ndi mwayi wosankha motero, ndipo safuna kusungidwa ndi moyo zivute zitani.

Funso limene linamuvuta Tutu ndi lomwe lija la ku Port Elizabeth. Thupi la munthu wosatha kudziteteza lili m'manja mwa ena, ndipo enawo ali ndi zofuna zawo. Kwa Biko anali apolisi ofuna kubisa mlandu. Kwa Mandela anali anthu omukonda, kapena omufuna pa ndale, amene sankafuna kuti apite. Kusiyana kwake n'kwakukulu, koma konse kuwiri mawu a mwini thupi sanamveke.

Pokamba za nkhaniyi anthu amaphatikiza zinthu zosiyana m'thumba limodzi. Wodwala wamkulu, woganiza bwino, akakana opaleshoni kapena mankhwala ena, amakhala akugwiritsa ntchito ufulu umene lamulo la zaumoyo la South Africa la 2003 limauvomereza, ngakhale kukanako kufupikitse moyo wake. Izi n'zimene zimachitika gogo akanena kuti nditengeni ndikafere kwathu, gadiyani n'kumanga katundu. Palibe amene wapha munthu pamenepo. Kuzimitsa makina pamene chiyembekezo chatha nakonso makhoti anakuvomereza: mu 1992 khoti la ku Durban linalola mkazi wa Dr Frederick Clarke, amene anakhala chikomokere kwa zaka zingapo, kuti asiye kumudyetsera m'chubu. Kupereka morphine wokwanira kuthetsa ululu, ngakhale pali mantha akuti angafooketse kupuma, n'kololedwa malinga ngati cholinga ndi kuthetsa ululuwo; ndipotu madokotala osamalira odwala matenda osachiritsika amanena kuti morphine woperekedwa mwa muyeso wake safupikitsa moyo monga mmene anthu amaopera. Mpingo wa Katolika, umene umakana kwamtuwagalu kupha wodwala, zinthu ngati kukana chithandizo chopyola muyeso ndi kuthetsa ululu umazilola.

Mkangano weniweni uli pa chinthu chimodzi: dokotala kupereka mankhwala amene cholinga chake ndi imfa, kaya abaye yekha kapena apatse wodwala kuti amwe. Ku Netherlands ndi ku Belgium zinaloledwa mu 2002, ku Oregon m'dziko la America kuyambira 1997, ku Canada mu 2016. Ku South Africa ndi mlandu wakupha. Mu 1975 dokotala wina, Hartmann, anabaya jakisoni bambo ake okalamba amene ankazunzika ndi khansa. Khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wakupha ngakhale silinamutsekere m'ndende, ndipo bungwe la madokotala linamufufuta m'kaundula. Ndi bungwe lomwelo limene zaka zochepa pambuyo pake silinaone cholakwa mwa Lang ndi Tucker.

Mu 2015 loya wina wodwala khansa, Robin Stransham-Ford, anapempha khoti la ku Pretoria kuti dokotala amuthandize kufa popanda kuimbidwa mlandu. Woweruza Hans Fabricius anavomera pa 30 April, osadziwa kuti wopemphayo anali atamwalira maola awiri m'mbuyomo. Khoti la apilo linafafaniza chigamulocho mu December 2016, mwa zina chifukwa chakuti mwini mlandu anali atapita kale, ndiponso kuti nkhani yaikulu chotere siyenera kugamulidwa mothamanga. Sean Davison, pulofesa wa ku University of the Western Cape, anathandiza amayi ake odwala khansa kufa ku New Zealand mu 2006. Tutu anamulembera kalata yomuikira kumbuyo. Mu 2019 Davison anavomera milandu itatu yakupha ku Cape Town chifukwa chothandiza amuna atatu olumala kwambiri amene anamupempha, ndipo analamulidwa kukhala pa ukaidi wosachoka panyumba kwa zaka zitatu.

Mfundo ya Tutu ndi yolimba, ndipo siyenera kukankhidwa ndi vesi limodzi ngati kuti iye Baibulo sankalidziwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene khansa yamudya mafupa ndi amene akudziwa usiku mmene umatalikira, ndipo ife athanzi tikamamuuza kuti apirire timalankhula zotsika mtengo. Ngati tinavomera ku Nuremberg kuti palibe wokhudza thupi la munthu popanda chilolezo chake, n'chifukwa chiyani chilolezo chimenecho chimatha mphamvu pa ola lomaliza?

Koma mbiri ya dziko lomwelo ndi imene imandichititsa kuzengereza. Lamulo lotere limaima pa chikhulupiriro chakuti dokotala adzayang'ana wodwala yekha, osati bajeti, osati bedi limene likufunidwa ndi wina, osati achibale amene atopa. Ndipo taona kuti chikhulupiriro chimenechi chimasweka mosavuta. Ku Germany, pakati pa 1940 ndi 1941, madokotala anapha anthu olumala ndi odwala misala pafupifupi 70,000 pa pologalamu yotchedwa T4, akuitcha imfa yachifundo. Omenyera lamuloli amayankha kuti kumeneko kunalibe kupempha kwa wodwala, ndipo akunena zoona. Tiyeni tsono tibwere pafupi. Mu 2016, boma la chigawo cha Gauteng, pofuna kupulumutsa ndalama, linasamutsa odwala matenda a maganizo kuchoka ku zipatala za Life Esidimeni kupita ku timabungwe topanda zipangizo ngakhale ziphaso zoyenera. Anthu 144 anafa, ambiri ndi njala, ludzu ndi kusasamalidwa. Izi zinachitika mu ulamuliro wa demokalase, pansi pa malamulo oyendetsera dziko amene amatamandidwa padziko lonse, ndipo ena mwa amene anasaina mapepala anali madokotala.

Palinso nkhani ya Thiagraj Soobramoney, bambo wa ku Durban amene impso zake zinasiya kugwira ntchito. Chipatala cha boma cha Addington chinamukaniza makina otsuka magazi chifukwa anali ochepa. Mu 1997 khoti lalikulu kwambiri m'dzikomo linati chipatala sichinalakwe, ndalama ndi zimene kulibe. Anamwalira patangopita masiku ochepa. Bambo ameneyu ankapempha kukhala ndi moyo, ndipo anamukaniza. M'dziko limene wosauka sangapeze makina a impso, kumene mankhwala opha ululu amatha m'zipatala za kumudzi, kodi munthu akanena kuti ndithandizeni ndife, tingadziwe bwanji kuti watopa ndi matenda osati ndi umphawi? Ambiri amene amafuna kufa amakhala akuthawa ululu umene ukanatha ndi botolo la morphine wamadzi, kapena akuthawa kuona ana awo akugulitsa ziweto ndi malo chifukwa cha iwo. Mawu akuti "ndakhala mtolo" amatuluka msanga pakamwa pa munthu wosauka.

Choncho ine ndili pakati, koma osati pakati penipeni. Pa ufulu wokana chithandizo, pa kuuzidwa zoona za matenda ako m'malo moti madokotala azinong'onezana ndi achibale pakhonde, pa kulemberatu zofuna zako udakali ndi nzeru zako, Tutu ananena zoona ndipo palibe chifukwa chodikira. Pa jakisoni womaliza, ndikanafuna boma liyambe lasonyeza kuti lingathe kufikitsa mankhwala opha ululu kwa wodwala aliyense, lisanapatsidwe mphamvu ina pa imfa. Ndikudziwa kuti yankho limeneli ndi lowawa kwa munthu ngati Stransham-Ford, amene chisamaliro chabwino anali nacho koma ankavutikabe, ndipo sakanatha kudikira kuti zipatala za dziko lonse zikonzeke.

Tutu anamwalira ku Cape Town pa 26 December 2021 ali ndi zaka 90, lamulo lisanasinthe. Chodabwitsa n'chakuti ntchito yolemba lamulo inachitika kalekale. Mu ulamuliro wa Mandela, bungwe lounika malamulo la South African Law Commission linafufuza nkhani yonseyi, ndipo mu 1998 linapereka lipoti pamodzi ndi bilu. Pa za jakisoni womaliza silinasankhe mbali, linangoyala njira zingapo kuti aphungu asankhe. Koma pa zinazo linanena momveka: kalata imene munthu walemberatu yokana kusungidwa ndi makina ikhale ndi mphamvu ya lamulo, ndipo dokotala wopereka mankhwala okwanira kuthetsa ululu atetezedwe. Lipotilo linapita ku unduna wa zaumoyo, ndipo nyumba ya malamulo sinalisandutse lamulo, ngakhale zigawo zimene mipingo ndi madokotala sankakangana nazo.